Minda ya pansi pa nyanja ku Mafia: mphepo, mwezi ndi mtsinje ndizo zilamula

Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke safunsa munthu kuti adziwe nthawi yososa, yobzala ndi yokolola. Amaona mitambo, amamvera kumene mphepo icokera, ndipo mitengo ikayamba kuphuka masamba ofiira iye adziwa kuti mvula ili pafupi. Anthu ambiri okhala kutali ndi nyanja yamcere aganiza kuti nyengo ndi za pamtunda pokha, kuti nyanja ndi madzi cabe amene akhala cimodzimodzi caka conse. Sizitero ai. Pansi pa nyanja palinso minda, ndipo anthu amene nchito yao ndi kutsikira kumeneko amawerenga miyezi mosamala monga momwe mlimi acitira. Mlimi akaphonya nyengo amataya mbeu, koma wotsikira pansi pa nyanja akaiphonya angataye moyo.

Malo amodzi kumene zimenezi zioneka bwino ndi cilumba ca Mafia, m'dziko la Tanzania, m'nyanja yamcere ya India. Cilumbaci cili pa mtunda wa makilomita oposa 100 kumwera kwa Dar es Salaam, moyang'anana ndi pamene mtsinje wa Rufiji uthira m'nyanja. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo pa kalembera wa caka ca 2022 panapezeka anthu oposa 60,000, ambiri a iwo asodzi ndi alimi a mitengo ya kokonati. Wocokera kuno ku Zambia angatsate njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi, imene inatha kumangidwa mu 1975. Akafika ku Dar es Salaam amatenga mseu wopita kumwera kufikira ku Nyamisati, mudzi wa kumathiriro a Rufiji, ndipo kumeneko akwera boti kwa maola angapo kukatsika pa Kilindoni, boma la cilumbaco. Kucokera pa Kilindoni ndi makilomita 15 cabe kudutsa cilumba kukafika ku Utende, pagombe la Chole Bay, kumene kuli mindayo.

Mindayi ndi ya makorali, amene Aswahili amawacha matumbawe. Munthu wowaona koyamba amati ndi miyala, wina amati ndi zitsamba, pakuti ena ali ndi nthambi ngati nyanga za mphalapala, ena ndi athyathyathya ngati licero, ena ndi oburungira ngati dzungu lalikulu. Koma zoona zake n'zakuti ndi tizilombo tamoyo, tating'ono kwambiri, tokhala pamodzi m'zikwi zikwi. Kalikonse kamadzimangira kanyumba ka laimu, ndipo kakafa tina timamanga pamwamba pake, monga momwe ciswe cimangira culu. Nchitoyi siifulumira. Makorali a nthambi angakule masentimita 10 pa caka, koma oburungira aja amangoonjezera sentimita imodzi kapena kucepera. Cotero thanthwe lofika m'cifuwa mwa munthu linayamba kumangidwa agogo a munthuyo asanabadwe.

M'matupi a tizilomboti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso. Nderezo zimapanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga acitira masamba a cimanga, n'kugawirako mwini nyumba, ndiponso ndizo zipatsa makorali mtundu wao wobiriwira, wofiirira kapena wacikasu. N'cifukwa cake makorali safuna madzi akuya kwambiri kapena amatope, pakuti dzuwa silifikako. Safunanso madzi ozizira, ndipo madzi otentha mopitirira amawapha. Pakati pa matanthwewa ndi pamene nsomba ziswana, zibisala ndi kudya. M'madzi a ku Mafia muli mitundu ya nsomba pafupifupi 400, ndipo zambiri mwa zimene msodzi agwira kutali ndi makorali zinakulira mommo.

Mpweya wa m'botolo

Kuyambira kale asodzi amatsikira pansi ndi mpweya wa m'mapapo mwao wokha, mphindi imodzi kapena ziwiri n'kubwerera. Zinthu zinasintha mu 1943, pamene anthu awiri a ku France, Jacques-Yves Cousteau ndi Émile Gagnan, anapanga kacipangizo kopatsa munthu mpweya wocokera m'botolo lacitsulo pa mlingo woyenera nthawi iliyonse akapuma. Kusambira kotere ndiko kumene kuchedwa scuba. Wosambirayo amabereka botolo kumsana, paipi m'kamwa, galasi kumaso ndi zipsepse zamphira kumapazi. M'botolomo simukhala mankhwala kapena mpweya wa kucipatala monga ena aganizira. Ndi mpweya womwewu wa panja, wopanikizidwa kufikira kuwirikiza nthawi 200, ndipo umakwanira kwa mphindi 40 kapena ola limodzi malinga ndi kuya kwa malo.

Cobvuta ndi kulemera kwa madzi. Pa mamita 10 thupi limapanikizidwa kawiri kuposa pamtunda, pa mamita 20 katatu, pa mamita 30 kanai, ndipo mpweya wa m'botolo umathanso msanga mofanana. Makutu amayamba kuwawa pa mamita ocepa oyambirira, motero wotsika amatsina mphuno n'kufwenthera mkati pang'ono pang'ono kuti atseguke. Koma ngozi yaikulu ili pobwerera. Mbali yaikulu ya mpweya umene anthu apuma ndi naitirojeni, ndipo pansi pa madzi ameneyu amalowerera m'magazi ndi m'minofu. Amene anatsegulapo mofulumira botolo la cakumwa coziziritsa kukhosi adziwa mmene thobvu litulukira. Zoterozo zimacitika m'magazi a munthu wokwera mothamanga: mfundo za thupi zimaphwanya, miyendo ingazizire osagwiranso nchito, ndipo ena amafa. Mankhwala ake ndi kuikidwa m'cipinda cacitsulo copanikiza mpweya, cimene sicipezeka pa cipatala wamba.

Kaamba ka ici malamulo ndi okhwima. Wophunzira kumene sapitirira mamita 18, ndipo ngakhale katswiri wosambira mongosangalala saloledwa kupyola mamita 40. Munthu satsika yekha. Sagwira mpweya m'cifuwa pokwera, popeza umafufuma ndipo ungang'ambe mapapo. Akafika pa mamita 5 amaima mphindi zitatu asanatulukire, ndiponso sakwera ndege kufikira patapita maola 18 kapena tsiku lathunthu. Pansipo palibe kulankhula, anthu amamvana ndi zala. Kuimika cala cacikulu, kumene pamtunda kutanthauza kuti zinthu zili bwino, kumeneko kutanthauza kuti tiyeni tikwere, ndipo ophunzira ambiri amasokoneza anzao nako tsiku loyamba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pansi pa nyanja wopupuluma amathawitsa nsomba, amatha mpweya msanga, ndipo ndiye amene amapwetekanso.

Kusi ndi kaskazi

Caka ca ku Mafia cigawidwa ndi mphepo ziwiri. Yoyamba ichedwa kusi, ndipo imacokera kumwera cakum'mawa kuyambira mu Epulo kufikira ca mu Seputembala kapena Okutobala. Imeneyi si yacilendo kwa anthu a kuno, pakuti ndi mphepo yomwe ija ya mwera imene imaziziritsa m'mawa mwa Juni ndi Julayi ndi kubvutitsa asodzi a pa nyanja ya Malawi. Yaciwiri ichedwa kaskazi, yocokera kumpoto cakum'mawa, ndipo imaomba kuyambira mu Novembala kapena Disembala kufikira mu Marichi. Kwa zaka mazana ambiri amalonda a ku Arabia, Persia ndi India anali kubwera ndi zombo zao za matanga pa kaskazi, n'kudikira kusi kuti awabwezere kwao. Mabwinja a mzinda wa Kua pa cilumba ca Juani, ndi ena pa kacilumba ka Chole, ndi otsala a masiku amenewo.

Kusi ndiye wamphamvu. Akaomba, mafunde ocokera pakati pa nyanja amamenya gombe la kum'mawa usana ndi usiku, ndipo maboti ang'ono sangatuluke kupita ku matanthwe a kunja. Matanthwe amenewo, monga la Dindini, ndi ngati zipupa zotsetsereka kulowa m'madzi akuya, ndipo ndiwo amene alendo odziwa kusambira amawafunitsitsa. Koma ngakhale munthu alipire ndalama zotani, pa miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti woyendetsa boti wanzeru amakana. Pansi pangakhale bata ndithu, koma bvuto ndi kutola anthu pamene atulukira pakati pa mafunde aatali kuposa boti, mitu yao yokha ikuoneka ndi kubisika. Madzi nao amazizira kufika pa madigiri 24 kapena 25. Pamtunda kumeneko kukadachedwa kufunda, koma madzi amacotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mphepo, cotero wokhalamo ola lathunthu amatuluka akunjenjemera ngati sanabvale cobvala camphira cokhuthala.

Sikuti miyezi imeneyi ilibe zake zabwino. Ndi nthawi imene anangumi ocokera ku nyanja zozizira za kumwera amadutsa kudzaberekera m'madzi ofunda, makamaka mu Ogasiti ndi Seputembala. Ndi nthawinso imene mazira a akamba a m'nyanja, oikiridwa mumcenga wa ku Juani miyezi iwiri m'mbuyo, amaswa, tiana n'kuthamangira kumadzi. Mwatsoka kusi yemweyo amakokolola mapulasitiki a maiko akutali n'kuwaunjika pa magombe omwewo, ndipo anthu a pa cilumbaco amacita kuwatola kuti tiakambato tipeze njira.

Mphepo ikayamba kugwa mu Okutobala, nyanja imadekha, madzi amayera, ndipo maboti amatulukira kunja. Kuyambira pamenepo kufikira mu Febuluwale kapena kuciyambi kwa Marichi ndiyo nyengo ya osambira. Pa tsiku labwino munthu amaona mamita 25 kapena 30 kutsogolo kwake. Mvula yaing'ono ya Novembala ndi Disembala siisokoneza zambiri. Koma kumapeto kwa Marichi imafika mvula yaikulu, imene kumeneko aicha masika, ngakhale kuti kuno liu lomwelo linena nthawi yokolola. Imagwa Epulo yense kufikira mu Meyi, madzi amada, misewu imaonongeka, ndipo nyumba zambiri za alendo zimatsekedwa. Anyamata ogwira nchito m'maboti a alendo amabwerera ku usodzi ndi ku minda ya mpunga ndi cinangwa.

Cimene cipangitsa Mafia kusiyana ndi malo ena ndi Chole Bay. Pamenepa nyanja inalowa m'kati mwa mtunda n'kupanga thamanda lalikulu locingidwa ndi cilumba ca Mafia mbali imodzi ndi zilumba za Juani ndi Chole mbali inayo. Mafunde a kusi amathera kunja, motero m'katimo mumasambiridwa pafupifupi caka conse. Koma kumene mphepo ilephera kulamula, mwezi ndiwo ulamula.

Nyanja yamcere imadzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku cifukwa ca kukoka kwa mwezi ndi dzuwa, cinthu cimene sicioneka pa Kariba kapena pa Bangweulu. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso ukakhala mumdima, kusiyana kwa madzi odzala ndi ophwa ku Mafia kumaposa mamita 3, ndiko kuti kutalika kopitirira cipupa ca nyumba. Boti limene m'mawa linali kuyandama limapezeka masana litakhala pamcenga, madzi ali kutali. Madzi onsewo amalowa ndi kutuluka m'thamandalo kupyolera pa mipata yocepa, ndipo waukulu ndi wa Kinasi Pass. Pa maola ena mpata umenewu umathamanga ngati Luangwa wodzala, ndipo palibe munthu angasambire motsutsana nao.

Tsono nzeru ya osambira ili pa kusankha ola. Madzi akamalowa amacokera ku nyanja yaikulu ali oyera ndi ozizirirapo, ndipo nsomba zikuluzikulu zimasonkhana pampata kudikira cakudya. Akamatuluka amatenga matope a m'nkhalango za mitengo yomera m'madzi amcere, amakhala obiriwira, ndipo munthu saona kupitirira mamita ocepa. Coipitsitsa n'cakuti madzi otuluka amakankhira munthu kunja, ku mafunde ndi ku madzi akuya, pamene olowa amamubweretsa m'kati mocingidwa. Motero boti limatsitsa anthu ca kunja kwa mpata madzi akuyamba kudzala, iwo n'kungodzisiya kutengedwa ngati tsamba, boti likuwatsata pamwamba poyang'ana thobvu la mpweya wao ndi cibaluni cofiira cimene amacikweza pa cingwe. Kumeneko ndiko kumene amakumana ndi magulu a nsomba zazitali zamano ozungulira ngati kamvulumvulu, ndi cinsomba cina cokhala m'mapanga colemera kuposa munthu, cimene Aswahili amacicha chewa. Acewa asadandaule nalo dzinali, maina angofanana cabe.

Popeza mwezi umacedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ola lodzala madzi limasunthanso motero. Amene anatsika pa 8 koloko lero adzatsika ca m'ma 9 mawa, ndipo pakutha pa sabata adzapita masana. Mlendo wozolowera kulamula wochi yake amadabwa kuuzidwa kuti adye cakudya cam'mawa kusanace kapena adikire kufikira dzuwa litapendeka. Anthu a pa zilumbazi sadabwa, popeza moyo wao wonse uyendera mwezi womwewo. Masiku a madzi aakulu, amene iwo amati bamvua, nyanja ikaphwa amai amayenda pa matanthwe oonekera ndi timitengo tosongoka kufunafuna pweza, kanyama kofewa ka miyendo isanu ndi itatu kobisala m'mauna, kamene kamagulidwa pa mtengo wabwino. Masiku a madzi ofooka, maji mafu, amai amapuma, ndipo ndi masiku omwewo amene ophunzira kusambira amapeza mpata wofatsa.

Mtsinje ndi potwe

Wolamula wacitatu ndi mtsinje. Rufiji ndi mtsinje waukulu koposa m'Tanzania, ndipo madzi ake amacokera ku mapiri a kumwera kwa dzikolo kudzera m'mitsinje ya Great Ruaha ndi Kilombero. Wokwera sitima ya TAZARA akadutsa Mbeya n'kutsikira ku cigwa ca Ifakara amakhala akuyenda m'dera lomwelo limene mvula yake ikathera ku Mafia. Dothi locoka m'munda wa pamtsetse kumeneko limayenda makilomita mazana ambiri n'kukatulukira m'nyanja, makilomita 20 okha kucokera pa cilumba. Mwai wa makorali ndi wakuti ambiri ali kum'mawa ndi kumwera, kumene kumafika madzi oyera a nyanja yaikulu, pamene matope ambiri amatsalira kumadzulo, pakati pa cilumba ndi mtunda.

Matopewo ndi manyowa a nyanja. Kumadzulo, pafupi ndi Kilindoni, kumaswana tinkhanu ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo timakopa nsomba yaikulu koposa zonse pa dziko lapansi, imene anthu a ku Mafia amaicha potwe. Ndi mtundu wa shaki, koma ilibe ukali ndipo siluma munthu. Imayenda citsegulire kamwa lake lotambalala ngati citseko n'kumasefa tinkhanuto. Zopezeka ku Mafia zambiri ndi zazimuna zosakhwima, za mamita 5 mpaka 8, pamene zazikulu za kwina zimaposa mamita 12. Thupi lake lili ndi mawanga oyera ngati a nkhanga, ndipo palibe ziwiri zofanana mawanga, cotero ofufuza amazizindikira imodzi imodzi ndi zithunzi. Zimaoneka pamwamba kuyambira mu Okutobala kufikira ca mu Marichi, ndipo alendo amasambira pambali pake ndi galasi ndi kapaipi kopumira cabe, opanda botolo.

Kale anthu ankati nyengo ikatha potwe amapita ku maiko akutali. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015, amene anamangirira tizipangizo totumiza mau pa nsombazi, anaonetsa kuti zambiri sizicoka ai: zimangosunthira kunja pang'ono ndi pansi, kumene maso a munthu wa m'boti safika. Asodzi amazidziwa bwino, pakuti pamene pali potwe pamakhalanso dagaa, tinsomba tonga kapenta todya tinkhanu tomweto. N'cifukwa cake potwe ambiri ali ndi zipsera za maukonde ndi za injini za maboti.

Pamene madzi atentha

Pali cinthu cimodzi cimene otsatsa malonda a ulendo sakonda kuchula. Miyezi ya Febuluwale ndi Marichi, pamene nyanja ili phee, madzi oyera ndi ofunda kufika madigiri 29 kapena 30 kotero kuti munthu asambira wopanda cobvala cokhuthala, ndiyo miyezi imene makorali ali pafupi ndi imfa. Mphepo ikaleka madzi sasakanizika, ndipo dzuwa limawaotcha pamwamba tsiku ndi tsiku. Kutentha kukangokwera ndi digiri imodzi yokha pamwamba pa muyezo wa nthawi zonse, n'kukhala motero kwa masabata angapo, tizilombo tija timatulutsa ndere zao. Makorali amasanduka oyera mbee ngati mafupa. Mlendo wosadziwa amati n'kukongola, koma kumeneko ndi njala: cakudya catha. Madzi akazizira msanga ndere zimabwerera. Akacedwa, makorali amafa, amamera ndere zoterera, kenaka amagumuka, ndipo nsomba zimasamuka.

Zimenezi zinacitika mu 1998, caka ca El Niño wamkulu, pamene nyanja ya India inatentha kuposa kale lonse. Thanthwe la Tutia, kumwera kwa cilumba, limene linali lochuka ndi makorali a nthambi, linataya mbali yaikulu ya makorali ake m'miyezi yocepa. A m'kati mwa Chole Bay ambiri anapirira. Patapita zaka, ena a ku Tutia anameranso, koma kutentha kotere kunabwereranso pa matanthwe a maiko ambiri mu 2016, ndiponso mu 2024. Caka cimeneco alimi a kuno sadzaciiwala, pakuti El Niño yemweyo ndiye anaumitsa cimanga m'minda kufikira boma linalengeza za tsoka la cilala mu Febuluwale. Pamene kuno kunali ng'amba, ku Tanzania mvula inacuruka, Rufiji anasefukira mu Epulo n'kumiza midzi ndi minda, ndipo pa 4 Meyi namondwe wochedwa Hidaya anaomba pa cilumba ca Mafia.

Dzuwa silinali mdani woyamba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 anthu ena pagombe la Tanzania anayamba kupha nsomba ndi mabomba. Bomba limodzi limapha zonse zapafupi, zazikulu ndi ana omwe, wophayo n'kutola zoyandama zokha, ndipo pansi pamatsala dzenje la zibenthu zimene mafunde amazigubuduza kotero kuti makorali atsopano sapeza pogwira. Ambiri mwa oponya mabomba ku Mafia anali ocokera kunja kwa cilumba, ndipo eni dera anali kudandaula nao. Makorali analinso kukumbidwa kuti amangire nyumba ndi kuotcha laimu. Boma la Tanzania linakhazikitsa lamulo la malo otetezedwa a m'nyanja mu 1994, ndipo mu 1995 linatsegula Mafia Island Marine Park, malo oyamba otere m'dzikolo, okula makilomita 822 m'bwalo lake lonse. Mabomba anacepa kwambiri m'derali, ndipo pagombe lonse la dzikolo anatsika zedi boma litacitapo kanthu mwamphamvu pakati pa 2016 ndi 2018.

Koma malowa si chire lopanda anthu. M'kati mwa malire ake muli midzi yoposa khumi, ndipo anthu ake analipo malire asanalembedwe. Nyanja inagawidwa patatu: kumene usodzi uletsedwa kotheratu, kumene eni dera okha aloledwa ndi zida zina, ndi kumene onse a cilolezo angasodze. Makoka okokolola pansi ndi maukonde a maso aang'ono analetsedwa. Kwa anthu a pa Jibondo, kacilumba kamiyala kosowa minda ndi madzi akumwa, kumene boti ndi ukonde ndizo khasu ndi nkhokwe, lamuloli linali lowawa, ndipo anakangana ndi oyang'anira malowa kwa zaka zambiri. Dandaulo lao silinali lopanda pake. Msodzi amaona mlendo wolipira ndalama zakunja akuloledwa kutsikira pamalo pamene iye, wobadwira pomwepo, angalandidwe ukonde. Alendo amalipira msonkho tsiku lililonse ndipo gawo lina liyenera kupita ku midzi, koma ndalama ya sukulu kapena citsime siilowa mumphika wa banja madzulo a tsiku limene boti labwera lopanda nsomba. Komanso n'zoona kuti nsomba zokulira m'malo oletsedwa sizidziwa malire, zimatuluka n'kukakodwa m'maukonde a asodzi omwewo, ndiponso ana a asodzi ena lero ndiwo atsogolera alendo pansi pa madzi, popeza mipata ndi maola ake anaiphunzira m'mabwato a atate ao.

Nao mtsinje sulinso monga kale. Pa Stiegler's Gorge boma la Tanzania linamanga damu la magetsi la Julius Nyerere, la mphamvu ya mamegawati 2,115, limene linayamba kusunga madzi mu Disembala 2022 ndi kupereka magetsi mu 2024. Akatswiri a zacilengedwe anacenjeza lisanamangidwe kuti damu limagwira matope ndi kusintha nthawi ya kusefukira, ndipo zotere zingakhudze nkhalango za kumathiriro, tinkhanu ndi nsomba zodalira manyowa a mtsinje. Ofufuza a potwe amabwerera ku Kilindoni nyengo iliyonse kukajambula mawanga ndi kuwerenga zimene zaoneka.

Ku Utende, madzulo alionse woyendetsa boti amayang'ana pepala la maola a madzi, kenaka amayang'ana nsonga za mitengo ya kokonati kuona kumene zaweramira. Zikaweramira kumpoto, kusi akali ndi mphamvu, ndipo mawa boti lidzathera m'kati mwa thamanda. Zikaima cilili, amauza anyamata kuti adzaze mabotolo ndi kuonjezera mafuta a injini, pakuti ulendo ndi wa ku Dindini.